Bwalo Lolimba Kuseri kwa Nyumba

Ife tikhala ku Matundo, mu mzinda wa Tete. Matundo ali kutsidya kwa mtsinje wa Zambezi, mbali ya ku Moatize. Munthu wocoka pakati pa mzinda kubwera kwathu aoloka pa mlatho wa Samora Machel, umene unatha kumangidwa m'caka ca 1973. Ena a ife tinabadwira konkuno. Ena tinacokera ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga kudzafuna nchito.

Kumapiri kumene tinacokera kumazizira. Kuno kumatentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. M'nyumba ya malata simukhalika. Cotero moyo wathu uli panja, kuseri kwa nyumba. Pamenepo amai aphika nsima. Pamenepo tiyanika mphale, ufa ndi masau. Ana alembera pomwepo nchito ya kusukulu, ndipo agogo ayala mphasa yao. Usiku wotentha banja lonse limangirira maneti ndi kugona pomwepo.

Bwalo la kuseri ndi cipinda cacikulu ca nyumba yathu. Liyenera kukhala lolimba.

Bwalo la dothi

Amai athu adziwa kuzira. Atenga dothi la mtsiro, alisakaniza ndi madzi, nazira pansi ndi manja. Pambuyo pake akhuta ndi mwala wosalala. Bwalo lozira ndi lokongola ndipo silifuna ndalama. Koma panja silikhalitsa.

Ku Tete mvula ndi yocepa, koma ikabwera imagwa yamphamvu. Usiku umodzi bwalo lisanduka matope. Zithaphwi zitsala masiku ambiri, ndipo m'zithaphwimo udzudzu uswana. Udzudzu utipatsa malungo. Madzi oima m'mbali mwa cipupa adya maziko a nyumba pang'onopang'ono. Cilimwe cikafika, matope aja asanduka fumbi, ndipo fumbi lilowa mu ufa.

Kaamba ka zimenezi mabanja asanu oyandikana tinapangana kuyala njerwa m'mabwalo athu. Tisanagule kanthu, tinayamba tayenda m'makomo mwa anzathu kuona mabwalo ao. Ena anali a simenti yosalala bwino, koma anali atang'ambika. Ena anali a njerwa wamba, akalekale, koma ali cikhalire. Tinafunsa mmisiri wina wacikulire cifukwa cace. Iye anatiuza kuti tisayang'ane pamwamba pokha. Anati mphamvu ya bwalo iri pansi, pamene maso saona.

Mdani wa bwalo ndi madzi

Kuli maiko ozizira kwambiri, monga Canada, Sweden ndi Russia. Kumeneko nyengo yozizira madzi a m'nthaka amaundana. Madzi akaundana amatupa. Malita 100 a madzi afuna malo a malita 109. Taona kale zimenezi: botolo lodzaza madzi likakhalitsa m'firiji yozizira kwambiri, limatupa kapena kusweka.

M'madera ena a maiko amenewo nthaka imaundana kupitirira mita imodzi kupita pansi. Madzi oundana akankha nthaka, nthaka ikankha njerwa. Nyengo yofunda ikabwera, madzi asungunuka ndipo nthaka itsikanso, koma sitsika mofanana. Bwalo litsala lokhotakhota. Cotero amisiri a kumeneko amacotsa dothi losunga madzi. M'malo mwace amathira miyala yambiri yophwanya, kuti madzi adutse msanga asanaundane.

Ku Angónia ndi ku Tsangano cisanu ca Juni ndi Julayi nthawi zina cimawaula masamba m'madimba. Koma nthaka siundana. Ku Matundo cisanu cotere kulibe. Kodi tsono nkhani ya maiko ozizira itikhudza bwanji?

Itikhudza cifukwa ca dothi la makande. Dothi limeneli likamwa madzi limatupa. Likauma limanyala ndi kung'aluka ming'alu. Dzinja likwera, cilimwe litsika, caka ndi caka. Bwalo loyalidwa pa dothi lotere likwera ndi kutsika pamodzi nalo, mpaka lisweka. Kwao madzi oundana ndiwo akankha. Kwathu dothi lonyowa ndilo likankha. Mankhwala ace ndi amodzi: madzi asagone pansi pa bwalo.

Mmene tinagwirira nchito

Tinayamba m'mwezi wa Juni. Nthawi imeneyo mvula yatha, nthaka yauma, ndipo dzuwa silipsa kwambiri. Mutu umodzi susenza denga. Tinagwira bwalo limodzi tonse pamodzi, likatha tipita pa lina.

Coyamba tinayeza malo. Tinakhoma zikhomo zinai ndi kumanga cingwe. Bwalo lirilonse linali mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi.

Caciwiri tinakumba. Tinacotsa dothi la pamwamba masentimita 20 kupita pansi. Tinazula mizu ndi udzu wonse. Mizu ikatsala imaola, ciswe cibwera, ndipo pansi pakhala mphako. Pamene tinapeza makande tinakumba kwambiri ndi kuthiramo dothi la miyalamiyala.

Cacitatu tinakonza kupendekeka. Bwalo lisakhale lathyathyathya ngati tebulo. Liyenera kutsika kucokera ku cipupa kupita kunja. Pa mita iriyonse litsike masentimita 2. Pa mamita 3 litsika masentimita 6. Maso saona kutsika kotere, koma madzi akuona. Mmisiri anatibwereka levulo yace kuti tiyeze bwino.

Cacinai tinatsindira nthaka. Tinawaza madzi pang'ono ndi kutsindira ndi minsi yakale ndi zipika zolemera. Iyi ndiyo nchito yotopetsa kuposa zonse. Munthu afuna kuileka msanga cifukwa siioneka. Ife tinatsindira mpaka cidendene cosasiya cizindikiro pansi.

Cacisanu tinathira miyala yophwanya, masentimita 12. Sitinathire yonse nthawi imodzi. Tinathira theka ndi kutsindira, kenaka theka lina ndi kutsindiranso. Pamwamba pa miyala tinayala mcenga wa kumtsinje masentimita 4, ndi kuusalaza ndi thabwa lowongoka.

Cacisanu ndi cimodzi tinamanga mpendero. M'mphepete monse tinaimika njerwa ndi kuzigwiritsa ndi simenti. Popanda mpendero mcenga uthawa ndi mvula, ndipo njerwa zimwazikana.

Potsiriza tinayala njerwa pa mcenga, moyandikana kwambiri. Njerwa iriyonse tinaigogoda ndi mtengo kuti ikhale bwino. Kenaka tinasesera mcenga wouma m'mipata, kuwaza madzi, ndi kuseseranso mpaka mipata inadzaza.

Tinasankha njerwa zopsa bwino. Njerwa yopsa bwino ukaigunda ndi inzace imalira ngati citsulo. Yosapsa imalira mogontha, ndipo isungunuka ndi mvula.

Tiwerengere pamodzi

Bwalo la mamita 4 ndi mamita 3: 4 x 3 = 12.

Njerwa zathu zinali masentimita 22 m'litali ndi 11 m'lifupi. Pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi palowa njerwa ngati 40. Tsono 12 x 40 = 480. Tinaonjezapo za mpendero ndi zolowa m'malo mwa zosweka. Banja lirilonse linagula njerwa 600.

Miyala masentimita 12, mcenga 4, njerwa 7: 12 + 4 + 7 = 23. Tinakumba masentimita 20. Cotero bwalo linakwera masentimita 3 pamwamba pa nthaka yozungulira, koma linakhala m'munsi mwa khomo la nyumba. Madzi salowa m'nyumba.

Munthu wodziwa kuwerengera sagula zambiri, ndiponso sagula zopelewera. Wogulitsa sangamunamize.

Nanga simenti?

Ena akonda bwalo la simenti cifukwa lisesedwa msanga ndipo ufa uuma bwino pamenepo. Nalonso lifuna kukumba, kutsindira ndi miyala pansi. Asakaniza ndowa 1 ya simenti, ndowa 2 za mcenga ndi ndowa 3 za miyala yaing'ono. Madzi asacuruke. Bwalo alidula m'zigawo, cigawo ciriconse cosapitirira mamita 3, pakuti simenti imanyala pouma ndipo imafutukuka ndi dzuwa. Ikapanda mpata ing'ambika pamene ifuna.

Dzuwa la ku Tete liumitsa simenti isanakhwime. Cotero athira simenti m'mamawa, aifunditsa masaka onyowa, ndi kuiwaza madzi masiku 7. Mphamvu yace yeniyeni ifika pa masiku 28.

Ife tinasankha njerwa cifukwa ca ndalama. Njerwa zifuna simenti ya mpendero yokha. Ndiponso njerwa imodzi ikatsika, tiizula, tithira mcenga, tiibwezera. Simenti ikang'ambika ifuna thumba lina la makilogramu 50.

Madzi apita kuti?

Akulu anati madzi saiwala khwawa. Madzi ocoka pa denga ndi pa bwalo afuna njira. Tikapanda kuwapatsa njira, adzipangira okha, mwina kudzera pa maziko athu, mwina kudzera m'nyumba ya mnansi. Ku Matundo nyumba ziri pafupipafupi. Bwalo lokwera la banja limodzi lingathe kumiza khomo la banja lina, ndipo mlandu ufika kwa akulu a dera.

Ici ndico cifukwa cina tinagwirira nchito pamodzi. Tsiku la mvula, dzinja lisanathe, tinali titaona kale kumene madzi amayenda. Tinakumba ngalande imodzi yodutsa kuseri kwa nyumba zonse zisanu, ndi kuyalamo miyala. Ngalandeyo ithera pa mitengo ya nimu ndi masau. Mitengo imwa madzi, ndipo itipatsa mthunzi. Mitengo yatsopano tinaibzala kutali ndi mpendero, mamita 3 kapena kuposa, kuti mizu isatukule njerwa.

Bwalo silingachinge mtsinje. M'caka ca 2019 mtsinje wa Revúbuè unasefukira ndi kulowa m'nyumba za anzathu a ku Chingodzi. Mu Januwale 2022 namondwe wochedwa Ana anabweretsa madzi amene anagumula mlatho wa pa mtsinje womwewo. Munthu asanawononge ndalama pa njerwa, ayambe wafunsa akulu kuti madzi a cigumula amafika pati. Pamalo pamene mtsinje umafika, njerwa ndi simenti sizithandiza.

Koma mvula ya caka ndi caka tingaigonjetse. Tsopano mvula ikaleka, sipapita nthawi bwalo lauma. Amai ayanika ufa wao woyera. Mwana akwawa popanda matope. Dzinja lisanayambe tipala ngalande ndi kuseseranso mcenga m'mipata ya njerwa. Nchito imeneyi ndi ya m'mawa umodzi wokha.

Mafunso okambirana

1. Kodi kwanu kuli dothi la mtundu wanji? Limang'aluka cilimwe?
2. Mvula ikagwa, madzi a pa denga lanu amapita kuti?
3. Bwalo la mamita 5 ndi mamita 3 lifuna njerwa zingati, kupatula za mpendero?
4. Lembani maina a zipangizo zinai zofunika poyala bwalo.