Chikopa chogulira tsiku logwa

Suti yachikopa yokwerera njinga yamoto ya liwiro, ikakhala yosokedwa bwino, imachititsa manyazi mwini wake akaimirira. Imakokera mapewa kutsogolo, imathina pakhosi, kumatako n'kutsala thumba lolendewera. Munthu amayenda chowerama, mawondo atapindika. Wogula koyamba akadziona pagalasi amangoti telala analakwitsa muyezo, pomwe telalayo sanalakwitse kanthu. Njinga monga Yamaha R1, Honda CBR kapena Suzuki GSX-R sazikwera chokhala tsonga monga amachitira akabaza. Chifuwa chimagona pathanki, mapazi amabwerera kumbuyo, mikono imatambasukira kutsogolo ndi pansi. Suti anaisokera kakhalidwe kameneko, ndipo thumba lija limatha lokha munthu akangowerama. Choncho ine poyesa suti sindifunsanso galasi. Ndimapempha kukwera njinga, ndipo ngati m'sitolomo mulibe, ndimanjuta n'kutambasula manja ngati ndagwira mahandulo, ngakhale ogulitsa aziseka.

Kuthinako kuli ndi ntchito yake. M'mapewa, m'zigongono ndi m'mawondo mumakhala zotetezera zochepetsa mphamvu ya kumenyetseka. Zimathandiza pokhapokha zikakhala pamwamba pa fupa nthawi imene fupalo likugunda pansi. Chovala chikakhala chotaya, phula likangochigwira chimazungulira, chotetezera chigongono n'kupezeka chili mkati mwa mkono, fupa lili pamtunda. Jekete yotaya imakwinyikiranso m'mwamba n'kusiya chiuno poyera. Pali kayesedwe kapafupi: mnzako agwire chotetezera cha pachigongono n'kuyesa kuchipotoza. Chikachoka pamalo pake ndi dzanja lokha, msewu sudzavutika nacho. Chikopa chimatambasuka pang'ono chikazolowera thupi, motero chimene chakwana momasuka tsiku logula chidzakhala chitataya ikamatha miyezi ingapo. Koma kuthina kwake kusafike pochititsa dzanzi m'manja kapena kukanikitsa kutembenuza mutu.

Chodabwitsa n'chakuti suti yolumikizana kuyambira m'khosi mpaka m'miyendo, yonga ovolosi, sinayambe chifukwa choopa ngozi. Amene amatchuka kuti anaifalitsa ndi Geoff Duke wa ku Britain, katswiri wa mipikisano ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Iye anapempha telala wa ku St Helens kuti amusokere chovala chimodzi chogwira thupi, chifukwa majekete ndi mabuluku a nthawiyo ankakupiza ndi mphepo n'kumamudyera liwiro. Chitetezo chinabwera pambuyo, pang'onopang'ono, kawirikawiri wina atavulala kaye. Katswiri wina, Barry Sheene, anagwa pabwalo la mpikisano la Daytona mu 1975 akuthamanga pafupifupi makilomita 280 pa ola, nathyoka ntchafu, mkono ndi nthiti. Patapita zaka zochepa, kampani ya Dainese ya ku Italy, imene Lino Dainese anaiyambitsa mu 1972, inapanga chotetezera msana choyamba mogwirizana ndi Sheene yemweyo. Mbiri imeneyi imandikumbutsa kuti zina zimene zili pa suti zinabwera kudzapulumutsa munthu, zina zinabwera kudzamuthamangitsa, ndipo wogula ayenera kuzisiyanitsa.

Linunda la kumsana kwa suti, limene anyamata amalikonda chifukwa limaoneka la mpikisano, ntchito yake yaikulu ndi kuwongola mphepo kuseri kwa chisoti. Masiku ano amaikamo zipangizo zamagetsi kapena madzi akumwa, koma si chotetezera msana. Timapulasitiki ta pabondo nato ndi togwiritsa ntchito pokhota pabwalo la mpikisano, pamene wokwera amapendeka mpaka bondo kukhudza pansi, kakweredwe kamene Kenny Roberts anatchuka nako m'zaka za m'ma 1970, akumata mawondo ake ndi tepi. Pamsewu wa anthu onse, munthu amene bondo lake likukhudza phula vuto lake si la zovala ayi.

Ntchito yeniyeni ya chikopa ndi kukhwekhwerezeka. Munthu akagwa panjinga yothamanga sangoima pomwepo, amatsetsereka mamita ambiri, ndipo phula limadya chilichonse chimene chagona pamenepo. Jinzi sichedwa kubooka. Nsalu zina zopangidwa ndi pulasitiki zimasungunuka ndi kutentha n'kumatirira pachilonda. Chikopa chabwino chimapereseka pang'onopang'ono koma osabooka msanga, ndipo chimaterera m'malo mogwira pansi n'kumugubuduza munthu. Mu 2013, pabwalo la Mugello ku Italy, katswiri wa mipikisano Marc Márquez anagwa poyeserera akuthamanga makilomita opitirira 330 pa ola. Anavulala chibwano ndi kusupuka apa ndi apo, koma Lamlungu lake anali pamzere woyambira mpikisano.

Nkhani ya Márquez ogulitsa amaikonda, koma imafunika kuimva mosamala. Pabwalo la mpikisano onse amalowera kumodzi, ndipo m'mbali amasiya malo aakulu a udzu, phula ndi timiyala kuti wogwa atsetsereke mpaka mphamvu ithe. Pamsewu wa M1 m'mbali muli ngalande, mitengo, zipilala za milatho, mbuzi ndi minibasi yoima pokhota. Kumeneko chopha si kutsetsereka koma chimene chakuimitsa. Kafukufuku amene Liz de Rome ndi anzake anachita ku Canberra, m'dziko la Australia, n'kumusindikiza mu 2011, anatsata anthu 212 amene anachita ngozi panjinga zamoto. Anapeza kuti ovala zoteteza, makamaka zokhala ndi zotetezera m'mfundo, sankagonekedwa m'chipatala kawirikawiri ndipo mabala awo anali ochepa, koma pa kuthyoka mafupa sanapeze kusiyana koonekeratu. Anapezanso kuti zovala zina zogulitsidwa ngati zoteteza zinang'ambika pangoziyo. Ine ndimatolapo ziwiri: suti si chilolezo chothamanga, ndiponso si chikopa chilichonse chimene chili chikopa chokwerera njinga.

Chachiwiricho chimatikhudza kwambiri kuno kwathu, kumene jekete yachikopa imapezeka pakaunjika pamtengo wabwino. Zambiri mwa izo ndi zotchenera, za chikopa cha nkhosa chofewa ndi chopyapyala, chimene chimakoma kuchigwira koma sichipirira phula. Chikopa cha ng'ombe cha suti yampikisano chimakhala chokhuthala pafupifupi mamilimita 1.2 mpaka 1.4, ndipo chimalemera ndithu ukachinyamula. Komabe kukhuthala kokha sikukwanira, chifukwa chovala chimayamba kuphulika m'misoko. Jekete yotchenera amaisoka ndi tizidutswa tambiri, ulusi uli pamtunda, mzere umodzi. Phula likadula ulusiwo, chikopa chimatseguka chili chatsopano. Suti yabwino imakhala ndi zigawo zazikulu zosadula pamalo ogwera, monga mapewa, zigongono, m'chiuno ndi matako, nthawi zina chikopa chake chophatikiza kawiri. Misoko yake amaipinda n'kuisoka kawiri kapena katatu, mzere wina utabisika mkati momwe phula silingaufike. Ndikagwira chovala ndimachitembenuza kaye, ndione kuseri, kenaka ndikoke msoko ndi manja awiri. Mabowo a singano akayamba kuyasama, ndimachibweza pomwe ndachitenga.

Maso ndi manja ali ndi malire, n'chifukwa chake kansalu ka mkati kolembedwa manambala ndi kofunika kuposa dzina lalikulu la pachifuwa. Ku Ulaya, kuyambira mu 2018, zovala za okwera njinga zamoto zimawerengedwa ngati zida zodzitetezera, ndipo muyezo wake masiku ano ndi EN 17092. Umagawa zovala m'magulu: AAA ndiye wapamwamba, kenaka AA, kenaka A, kuphatikizapo B ndi C za ntchito zapadera. Poyesa, amagwetsera tizidutswa ta chovalacho pakonkire tikuzungulira pamakina, ndipo pamalo ogwera kwambiri gulu la AAA liyenera kupirira liwiro loyambira la makilomita 120 pa ola, AA makilomita 70, A makilomita 45. Manambala amenewa ndi a makina, si lonjezo lakuti ukagwa pa liwiro lakutilakuti udzuka bwinobwino, koma amathandiza kufananitsa chovala ndi chinzake. Wokwera njinga ya liwiro sayenera kutsika pa AA, ndipo suti yachikopa yeniyeni imafika AAA.

Zotetezera zili ndi miyezo yakeyake. Za m'mapewa, m'zigongono ndi m'mawondo zimayendera EN 1621-1, za kumsana EN 1621-2, ndipo zonse zili ndi Level 1 ndi Level 2. Cha kumsana cha Level 1 chimaloledwa kudutsitsa mphamvu yofika 18 kN, cha Level 2 theka lake, 9 kN. Apa pamakhala kachinyengo kamene ambiri sakaona: majekete ochuluka, ngakhale odula, amabwera ndi kasiponji chabe m'thumba la kumsana, kongogwira malo. Chotetezera chenicheni umagula pachokha, ndipo uyenera kuchivala poyesa suti, apo ayi udzapeza kuti zipi sikutsekeka. Zilembo za CE, zosonyeza kuti chovala chinakwaniritsa miyezo imeneyi, nazo amazikopera. Suti yokhala ndi dzina la Alpinestars kapena Dainese koma yogulitsidwa pamtengo wa jekete wamba pa intaneti, dzinalo ndi lomata.

Za chikopa cha kangaroo sindichedwapo. N'cholimba ngakhale chili chopyapyala, motero suti yake imapepuka, ndipo akatswiri a mpikisano wa MotoGP amachikonda. Mtengo wake ndi wokwera ndipo chimafuna chisamaliro. Kwa munthu wokwera Loweruka ndi Lamlungu, ng'ombe imakwanira, ndalama yotsalayo ikagule zina.

Phunziro limene linandivuta kulivomereza ndi la kutentha. Pepala limati suti yolumikizana ndiyo yoteteza koposa, ndipo n'zoona. Koma munthu amene wavala chikopa chakuda mu Okutobala, n'kutsika mapiri kulowera ku Chikwawa, amadziwa kuti nkhani sithera papepala. Thukuta limatsika, mutu umalemera, maganizo amachedwa, ndipo wokwera wotopa ndi ngozi kale. Choopsa china n'chakuti mawa lake suti ija imatsala pakhomo. Amati ndingofika apa pokha, n'kukwera atavala malaya. Kafukufuku wa Harry Hurt wa mu 1981, amene anafufuza ngozi 900 m'dera la Los Angeles, anapeza kuti ngozi zambiri zinachitika pa maulendo aafupi, munthu atangonyamuka kumene, ndipo theka la njingazo zinali pa liwiro losafika makilomita 50 pa ola. Ndiye ulendo wa apa pokha uja ndi umene umafuna chikopa.

Pa chifukwa chimenechi, kwa wokwera pamsewu ndimaona kuti jekete ndi buluku zolumikizidwa ndi zipi yozungulira chiuno chonse n'zanzeru kuposa ovolosi. Ukafika kumene ukupita umavula jekete n'kukhala ngati munthu pakati pa anthu. Zipiyo ikhale yozungulira ndithu, osati kazipi kakafupi ka kumsana, ndipo mabwalo ambiri amene amalola anthu wamba kudzathamanga amafuna yoteroyo. Chikopa chikhale chobooledwa timabowo pachifuwa ndi m'ntchafu, mtundu wake wowala ngati n'kotheka, ndipo mkati muzivalidwa kachovala kopyapyala kotulutsa thukuta, kamene kamathandizanso kuti suti isamamatire povula. Wofuna kukathamanga ku Kyalami kapena ku Killarney ku South Africa nthawi ndi nthawi, ameneyo agule yolumikizana.

Manja ndi mapazi ndi amene amamanidwa ndalama zikatha, chonsecho munthu akamagwa amatsogoza zikhatho asanaganize n'komwe. Magolovesi a njinga ya liwiro amakhala aatali, ophimba mkono wa jekete, ndipo amamangidwa ndi lamba padzanja. Ukawamanga n'kuwakoka kunsonga za zala, sayenera kuvuka. Pachikhatho pamakhala kapulasitiki kolimba kuti dzanja literere, chifukwa likagwira phula thupi likupitirira, kafupa ka padzanja kamathyoka ndipo kamachedwa kupola. Ena amalumikiza chala chaching'ono ndi chinzake kuti chisapindikire kunja. Jombo nazo zifike pakatikati pa msongolo, zolimba pachidendene ndi pakakolo, zosapotoka ukazipinda ndi manja. Nsapato ya zingwe imavuka, ndipo zingwezo zimakola pachosinthira magiya.

Kuyambira mu 2018 aliyense wopikisana mu MotoGP amavala airbag mkati mwa suti, imene imafufuma munthu asanafike pansi n'kuteteza mapewa ndi fupa la pakati pa khosi ndi phewa. Tsopano ilipo ya anthu wamba yovala ngati vesiti. Ndi chinthu chabwino, koma imafuna malo ofufumira, choncho suti iyenera kukhala yoilola, ndipo ina ikaphulika imafunika kuitumiza kunja kuti akaikonze. Amene ndalama zake n'zowerengeka ayambe ndi chisoti chabwino, magolovesi, jombo ndi chotetezera msana, airbag ibwere pambuyo.

Suti yogwiritsidwapo kale ntchito si yoipa, bola kuiyang'anitsitsa. Mchere wa thukuta umaumitsa chikopa ndi kufooketsa ulusi, ndipo zotetezera zakale zimauma n'kusweka, koma zimenezo ukhoza kugula zatsopano. Chikopa chimene chikuoneka ming'alu ukachipinda chatha ntchito. Chikanyowa ndi mvula sachiyanika padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, amachipachika pamthunzi podutsa mphepo, chikauma n'kuchipaka mafuta ake. Suti imene inagwapo ikhoza kukonzedwa, koma osati ndi telala wa pakhonde amene makina ake ndi a nsalu. Pamafunika wodziwa zikopa, wa ulusi wolimba wa nayiloni, amene angachotse chigawo chonse choperesekacho n'kusoka china kuchokera mkati m'malo momata chigamba pamwamba.