Kuwerenga alendo ku Lilayi

Ntchito ndinaiyamba ndili mnyamata, m'zaka za m'ma 1970, monga kalaliki pa ofesi ina yokonza maulendo mu Cairo Road, ndipo kuyambira pamenepo mpaka lero imvi zili mbuu, chimene ndachita kwambiri ndi kuwerenga anthu obwera ndi opita. Pa ofesi ija tinali ndi buku lalikulu lachikuto cholimba. Aliyense wofunsa za ulendo wa ku Livingstone kapena ku Luangwa, kaya wabwera yekha, kaya walemba kalata, kaya watumiza teleksi, ankalowa m'bukumo: tsiku, kumene akuchokera, chimene akufuna. Mwezi ukatha ndinkaphatikiza. Akuluakulu amene anandiphunzitsa ntchito sankafuna kumva nambala ya mwezi umodzi payokha. Ukawauza kuti mu June tinalandira anthu akutiakuti, iwo ankangofunsa kuti, "Nanga June wa chaka chatha?" Ukasowa yankho ankakubweza kuti ukafufuze.

Intaneti inatipeza mu 1994. Inatulukira ku University of Zambia, mu Great East Road, kumene kunabadwira kampani ya Zamnet, ndipo Zambia inakhala limodzi mwa mayiko oyambirira mu Africa muno kulumikizidwa mokwanira. Tinkalowa kudzera pa waya wa telefoni. Modemu inkalira kaye, ndipo wina akakhala pa intaneti ofesi yonse inalibe foni. Chithunzi chimodzi chinkatsika mzere ndi mzere, munthu n'kumwa tiyi kudikira. Komabe tinazindikira msanga kuti zinthuzi zili ndi mphamvu. Mu February 1996 boma la a Frederick Chiluba linaletsa kope lina la nyuzipepala ya The Post, n'kulamula kuti lichotsedwenso pa intaneti, koma ena kunja anali atalikopera kale ndipo linapitiriza kuwerengedwa. Apa m'pamene ambiri a ife tinaona kuti cholembedwa mu Lusaka chimawerengedwa ku London ndi ku Johannesburg tsiku lomwelo, ndipo amalonda tinayamba kufunsa kuti owerengawo ndi angati, ndipo ali kuti.

Yankho loyamba linali kauntala. M'munsi mwa tsamba munkakhala timanambala, kawirikawiri tojambulidwa mofanana ndi mita yowerenga mtunda m'galimoto, ndipo wina akatsegula tsambalo nambala inkakwera ndi imodzi. Sinkasiyanitsa anthu. Mlembi wa pa ofesi akatsegula tsamba lathu kakhumi pa tsiku, kauntala inkati kwabwera alendo khumi. Pambuyo pake anyamata oyang'anira server anayamba kutisindikizira malipoti a mapulogalamu monga Webalizer, amene ankawerenga ndandanda ya zonse zimene server yapereka. Munali timizati tamitundumitundu ndi mayina a mayiko. Ndinkawakonda malipoti amenewo chifukwa anali athu. Ndandandayo inali pa makina amene tinkalipira, ndipo pepalalo ndinkaliboola n'kuliika m'faelo.

Nditapuma pa ntchito, ine ndi mayi a kunyumba tinamanga zipinda zochepa za alendo pa malo athu kuno ku Lilayi, mukapatuka mu Kafue Road kulowera chaku koleji ya apolisi. Kalelo kuno kunali mafamu ndi tchire, usiku mdima wa bii, osati nyumba za mipanda zimene zadzaza masiku ano. Alendo athu anali amitundu itatu. Panali achibale a ophunzira upolisi, amene amabwera mwaunyinji kuchokera m'zigawo zonse ana awo akamamaliza maphunziro. Panali apaulendo ofuna kugona usiku umodzi asanapitirire ku Lower Zambezi kapena kumwera. Kenako panabwera ofuna kuona ana a njovu amasiye amene ankaleredwa kuno asanasamutsidwire ku Lusaka National Park. Mwana wanga wamwamuna anatipangira webusaiti, n'kuikamo Google Analytics.

Chida chimenechi chinachokera ku kampani ina yotchedwa Urchin, imene Google inagula mu 2005 n'kuyamba kugawa chidacho kwaulere mu November chaka chomwecho. Kagwiridwe kake kanali kosiyana ndi ka malipoti aja. M'tsamba lililonse munkabisidwa kachidutswa ka pulogalamu, ndipo mlendo akatsegula tsamba kachidutswako kankatumiza uthenga ku makompyuta a Google, n'kusiya m'foni kapena m'kompyuta ya mlendoyo kachizindikiro kotchedwa cookie, kuti akabweranso adziwike kuti ndi yemwe uja. Mu 2012 anabweretsa mtundu wotchedwa Universal Analytics, ndipo ndi umene tinakhala nawo zaka zambiri.

Unatiphunzitsa zambiri, sindingakane. Tinaona kuti a ku Ulaya amayamba kufufuza malo ogona chaka chikangoyamba, pamene kuno mvula ili pakati, pokonzekera kubwera m'chilimwe. Tinaona chaka ndi chaka otsegula pa foni akuchuluka mpaka kupitirira otsegula pa kompyuta, ndipo tinaona kuti anthu a konkuno amathawa tsamba la zithunzi zolemera, chifukwa limawadyera bandulo. Tinachepetsa zithunzizo, anthu n'kuyamba kukhalitsa. Mu March 2020, matenda a Covid-19 atalowa m'dziko, mzere wa alendo akunja unagwa pansi n'kukhala pomwepo miyezi yambiri. Pa 12 August 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa, ndipo anthu amene anazemba chitsekocho pogwiritsa ntchito VPN ankaoneka ngati ali m'mayiko ena pamene ali ku Kabwata kapena ku Chelstone. Zonsezi zinali m'malo amodzi, chaka pamwamba pa chaka, moti ndinkatha kuika June uno pambali pa June wa zaka zisanu zapitazo n'kuona ngati tikukwera kapena tikutsika.

Uthenga wa kusamuka unabwera ndi mdzukulu wanga wamkazi, amene anali atatenga ntchito ya webusaiti kwa bambo ake. Google inali itatulutsa mtundu watsopano, Google Analytics 4, mu October 2020, ndipo mu March 2022 inalengeza kuti wakalewo udzaleka kuwerenga pa 1 July 2023.

"Agogo, chowerengera chija akuchitseka. Tiyenera kusamukira ku chatsopano."

"Chabwino mwana'nga, tisamuke. Nanga zaka zonse zija tipita nazo?"

"Ayi agogo, sizingalowe. Kawerengedwe kake n'kosiyana."

Anakhala nane pakhonde n'kundifotokozera bwinobwino, ndipo ndinaona kuti zifukwa zake zinalipo. Chakale chinamangidwa pa nthawi imene munthu ankakhala pa kompyuta imodzi, n'kutsegula masamba motsatizana. Chinkawerenga maulendo: mlendo walowa, waona masamba angapo, wachoka, ndipo akakhala chete mphindi 30 ulendowo watha. Lero munthu mmodzi amayamba pa foni ali m'minibasi, amapitiriza pa kompyuta ku ntchito, amamaliza mu app usiku. Mapulogalamu otsegulira masamba monga Safari anayambanso kufupikitsa moyo wa ma cookie. Ku Ulaya lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la GDPR, linayamba kugwira ntchito mu May 2018, ndipo kumayambiriro kwa 2022 mabungwe oona za lamuloli ku Austria ndi ku France anagamula kuti kagwiritsidwe ntchito ka Google Analytics kakuswa lamulo chifukwa kankatumiza zokhudza anthu a ku Ulaya ku America. Chatsopanocho chimawerenga zochitika. Kutsegula tsamba n'chochitika, kutsika mpaka pafupi ndi mapeto ake n'chochitika, kudina batani lopita ku WhatsApp n'chochitikanso, chilichonse pachokha.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinachiyamikira nthawi yomweyo. M'chakale, munthu wotsegula tsamba limodzi lokha n'kuchoka ankawerengedwa ngati wathawa. Koma alendo athu ambiri amachita zomwezo: amatsegula, amaona mtengo wa chipinda, amalemba nambala ya foni, amaimba. Ameneyo sanathawe, wapeza chimene amafuna. Chatsopano chimati munthu akakhala masekondi opitirira 10, kapena akaona masamba awiri, kapena akachita chimene mwini webusaiti anachiika kuti n'chofunika, ndiye kuti wachezadi. Apa anakonza cholakwika chenicheni.

Koma kukonzako n'kumene kunadula chingwe cha zaka. Mdzukulu wanga anachita mwanzeru, anayendetsa zowerengera zonse ziwiri pamodzi miyezi yotsala ija, ndipo manambala ake sankagwirizana ngakhale webusaiti inali imodzi, alendo ali omwewo. Chakale chinkayamba ulendo watsopano pakati pa usiku ngakhale mlendo asanachoke, chatsopano sichitero. Chiwerengero cha othawa chinatsika tsiku limodzi, osati chifukwa tinakonza kanthu, koma chifukwa muyeso unasintha. Amene analima m'nthawi ya Namboard, bungwe la boma logula chimanga, andimvetsa. Thumba la chimanga linali la makilogalamu 90, lero bungwe la FRA limagula la makilogalamu 50. Mlimi wonena kuti kale ankakolola matumba 40 koma tsopano akukolola 60 angaganize kuti wapita patsogolo, pamene kale anali ndi makilogalamu 3,600 ndipo lero ali ndi 3,000. Kwa chimanga masamu ake ndi apafupi. Kwa zowerengera ziwirizi palibe nambala imodzi yochulukitsira kuti zakale zifanane ndi zatsopano.

Ndipo zakalezo zinali ndi tsiku lake lotha. Chowerengera chitaima mu July 2023, anthu anapatsidwa chaka chimodzi choti atengemo zawo, ndipo kuyambira 1 July 2024 zonse zinayamba kufufutidwa. Ife tinakhala pansi madzulo angapo, mdzukulu wanga akutsitsa malipoti a mwezi ndi mwezi m'kompyuta, ine ndikulemba ziwerengero zikuluzikulu ndi dzanja: alendo onse, mayiko otsogola, a pa foni ndi a pa kompyuta. Sindidandaula ndi eni ake a chidacho. Anachenjeza nthawi ikadalipo, ndipo makinawo ndi awo, ife tinkagwiritsa ntchito osalipira ngwee. Chimene chimandikhudza ndi amalonda ang'onoang'ono a ku Woodlands, ku Kabulonga ndi m'tauni, amene webusaiti anawapangira mnyamata wina zaka khumi zapitazo, mnyamatayo n'kupita ku Joni ndi mawu achinsinsi olowera. Makalata ochenjeza ankapita ku imelo imene palibe ankaitsegula. Mbiri ya malonda awo, mmene anagwera nthawi ya mliri ndi mmene anadzukira, inatha osaiona n'komwe. M'chatsopanonso, tsatanetsatane wa zochitika amasungidwa miyezi 2 yokha ngati simunasinthe, ndipo m'mtundu waulere sapitirira miyezi 14. Ziwerengero zophatikiza zimakhalabe, koma wofuna kukumba mozama za zaka ziwiri zapitazo sangathe ngati sanasungire kwina.

Za zinsinsi za anthu ndili ndi maganizo anga. Ndinakhala m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene khadi la UNIP linkafunsidwa pa msika ndi pokwerera basi, ndipo ndikudziwa mmene munthu amamvera akazindikira kuti dzina lake lili m'buku la wina amene iye samudziwa. M'buku lathu la mu Cairo Road munthu wobwera yekha ankaona ndi maso ake kuti ndikumulemba. Pa intaneti sadziwa. Choncho nditamva kuti chatsopanocho sichisunga nambala ya IP, imene imasonyeza kumene munthu walowera, ndinati zili bwino, ngakhale cookie ija ikadalipo ndipo imamutsatabe. Dziko lathu nalonso linapanga Data Protection Act mu 2021, imene imafuna kuti wotenga zokhudza munthu akhale ndi chifukwa chovomerezeka, ndipo imanenanso za kusunga zinthu zotero pa makina a m'dziko muno. Mdzukulu wanga anaika kachikwangwani kofunsa mlendo ngati akulola kuwerengedwa. Ena amakana, nambala zathu n'kuchepa. Ndinamuuza kuti asakachotse.

Palinso alendo amene chowerengera chilichonse sichiwaona. Mayi wochokera ku Lundazi kudzaona mwana wake akuguba pa koleji ya apolisi sanatsegulepo webusaiti yathu. Anamva kwa mnzake wa kutchalitchi, anatumiza uthenga pa WhatsApp, analipira ndi Airtel Money kapena MoMo. Otere ndi amene amadzaza zipinda zathu, ndipo timawadziwa pokhapokha tikawafunsa polandira kiyi kuti, "Munamva bwanji za ife, mayi?" Yankho lawo timalilemba pambali pa dzina. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi mu Kariba, magetsi n'kumabwera maola atatu okha masiku ena, chowerengera chinkasonyeza anthu a mu Lusaka akutsegula masamba usiku wa manda. Wosadziwa akanati khalidwe la makasitomala lasintha, pamene anthu ankangodzuka magetsi akabwera kuti achaje mafoni.

Tsopano mdzukulu wanga akunena za Matomo, chowerengera china chimene chinayamba ndi dzina la Piwik mu 2007, chimene munthu angachiike pa server yake kuti ziwerengero zikhale m'manja mwake, osadalira tsiku limene wina adzalengeze. Ndikuona ubwino wake. Koma server imafuna ndalama mwezi uliwonse ndi munthu woisamalira, ndipo iye akufuna kukapitiriza maphunziro chaka chamawa. Ndamuuza kuti andiwerengere mtengo wake wa chaka chonse m'makwacha, andiuzenso amene adzayang'anire iye akachoka, ndipo ngati tisamukanso, zowerengera ziwirizo ziyende limodzi miyezi 12 yathunthu tisanazimitse chimodzi.