Madzi Nawonso Afuna Pokhala mu Lusaka

Tikacoka ku Kabulonga ndi Woodlands, kumene nyumba zili pamtunda, n'kutsikira ku Kabwata mpaka ku Cairo Road, tipeza dziko lathyathyathya limene madzi a mvula amasowa kolowera. Lusaka, amene anakhala likulu m'caka ca 1935, anamangidwa pa mwala wa laimu, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri.

Kale madambo ndiwo anali kulandira mvula ndi kuipereka pang'onopang'ono ku mitsinje monga Ngwerere ndi Chalimbana. Ambiri a madambowo tamangamo nyumba. Madzi akasowa kwao amalowa kwathu, nasakanikirana ndi zimbudzi ndi zitsime. Akulu a ku Kanyama akumbukira cigumula ca 1978, ndipo mu 2024 bwalo la National Heroes linasanduka cipatala ca odwala kolera.

Ngalande yaikulu ya Bombay inakonzedwa ndi thandizo la America pa nchito imene inatha mu 2018. Yathandiza ndithu, koma ngalande imangothamangitsira madzi kwa anzathu a kumunsi. Ku Netherlands, pambuyo pa madzi osefukira a 1995, anasankha njira ina: ku Nijmegen anabweza khoma la mtsinje wa Waal mamita 350 kuti madzi apeze poyala.

Ifenso, kuyambira ku Chelstone mpaka ku Kanyama, tisunge madambo otsala ndi nkhalango ya Forest 27 kumene Chalimbana ayambira. Pogula puloti, tiyambe tafunsa akale kumene madzi amaima m'dzinja.