Ulendo wa ku Liwonde unatikumbutsa mchape

Tinanyamuka ku Zomba Lamlungu m'mamawa, anthu asanu a dipatimenti ya zaumoyo pampingo wathu, titanyamula sikelo ndi makina oyezera BP. Tinkapita ku Liwonde kukayeza anthu kwaulere. Ukapitirira Malosa, kamphepo kozizira ka kuphiri kamatsala m'mbuyo, msewu n'kuyamba kutsetserekera kuchigwa cha Shire komwe kuli milambe ndi migwalangwa. Ndi pamenepa pomwe mayi wina wachikulire m'minibasimo anatiuza kuti msewu womwewu anaudutsa mu 1995 atakwera lole, akupita ku mchape.

Ife tinali ana asukulu nthawiyo, koma nkhaniyi timaikumbuka. Bambo Billy Goodson Chisupe a m'boma la Machinga ananena kuti anaonetsedwa m'maloto mtengo womwe makungwa ake amachiza Edzi. Kuyambira Febuluwale mpaka Juni chaka chimenecho, anthu pafupifupi 300,000 anakhamukirako kukamwa. Sankalipiritsa. Ndipo opitawo tisawaseke, chifukwa maliro anali osaleka, ndipo ma ARV aulere anadzayamba kufika m'zipatala za boma mu 2004.

"Nanga munachira, amayi?" mmodzi wa ife anafunsa.

"Ine sindinkadwala, mwanangu. Ndinaperekeza mchemwali wanga, ndipo tinamwa tonse. Iyeyo tinamuika chaka chotsatira."

Tinangoti zii mpaka ku Liwonde. Mawu awo anatitsegula maso. Amene anamwa ali bwinobwino anabwerera ali bwinobwino, n'kumasimba kumudzi kuti mchape ndi wamphamvu. Amene anamwalira sanasimbe kanthu. Kuchuluka kwa anthu pamzere kumangoonetsa kukula kwa mantha. Chomwe chikanaonetsa kuchira ndi kuyeza magazi munthu asanamwe, n'kudzayezanso pambuyo pake.

Ku Liwonde dzuwa linali litaswa kale mtengo. Pafupi ndi depoti mnyamata wina anali atayala mabotolo pansalu, akulengeza pa chimkuzamawu kuti botolo limodzi lomwelo limathetsa BP, shuga, zilonda zam'mimba ndi kusabereka. Tinamufunsa mwaulemu kuti muli chiyani. Anati ndi chinsinsi cha agogo ake. Nanga mlingo wa mwana? Anati theka la kapu, osafunsa n'komwe msinkhu wa mwanayo.

Kunena zoona, ife a Adventist ndife osavuta kukola pamenepa. Timakonda zachilengedwe, ndipo mpake: madzi, dzuwa, masamba, kupuma. Koma tikangomva kuti "ndi zitsamba zokhazokha" timaiwala kufunsa. Chikhalirecho LA amene timamwa tikadwala malungo ali ndi mankhwala ochokera ku chomera. Kusiyana kwake n'koti iyeyo anayesedwa pa odwala ambiri, mlingo wake umadziwika malinga ndi kulemera kwa munthu, ndipo zovuta zake zinalembedwa poyera.

Masana, tikuyeza anthu pansi pa mtengo, panafika bambo wina wa kabaza. Makina anaonetsa 180/110. Tinawakhazika pamthunzi n'kuwayezanso, koma sizinasinthe kwenikweni. Anaulula kuti mapiritsi a kuchipatala anasiya miyezi iwiri yapitayo atagula botolo lija, poti mutu unaleka kuwawa. Tinawafotokozera kuti BP nthawi zambiri siimveka m'thupi mpaka itagwetsa munthu ndi sitiroko, kenako tinawalembera manambalawo pakapepala kuti akaonetse kuchipatala tsiku lomwelo.

Kapepalako anakapinda bwinobwino n'kukaika m'thumba la malaya. Botolo lija linali lomangirira kumbuyo kwa njinga, ndipo anapita nalo.