Tsiku Lomwe Kompyuta Inalowa mu Ofesi Yathu

Ndinayamba ukalaliki ku Limbe m'masiku a makina otayipira. Makalata tinkalemba ndi kaboni, ndipo ukaphonya chilembo chimodzi pa kalata ya abwana, unkayambiranso tsamba lonse.

Kompyuta yathu yoyamba inafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, m'makatoni atatu: chibokosi cholemera, sikirini ya chimsana ngati wailesi yakanema yakale, ndi pulinta yomwe inkalira mpaka pakhonde. Anaipatsa chipinda chakechake, makiyi n'kumasunga akauntanti. Poweruka tinkaifunditsa nsalu kuopa fumbi, ndipo kulowamo ndi kapu ya tiyi unali mlandu.

Ulemu wonsewo unkachokera pa mtengo. Kampani ya IBM itatulutsa kompyuta yake ya patebulo mu 1981, yotsikitsitsa inali madola 1,565 ku America, yopanda ngakhale sikirini. Macintosh ya Apple inatuluka mu 1984 pa madola 2,495. Kuti katundu wotere afike kuno, pankawonjezeka ndalama yonyamulira, msonkho wa kasitomu ndi phindu la wogulitsa. N'chifukwa chake anthufe tinkachita kulandirana, wina ndi makalata ake pa WordPerfect, wina ndi mawerengero ake pa Lotus 1-2-3, aliyense atafumbata disiketi yake ngati chiphaso.

Mu 1994 kwacha anaisiya kuti msika uziipatsa mphamvu yake, ndipo ine, amene tsopano ndinali wogula katundu wa ofesi, ndinaona zakuda. Ndinkatolera makotesheni atatu monga mwa lamulo, koma pomwe abwana ankasaina, mitengo inali itasintha kale. Kunja makompyuta ankatsika mtengo, kuno kwacha inkatsika kuposa pamenepo.

Kenaka kunabwera makompyuta a kaunjika, otha ntchito m'maofesi a ku Ulaya, a Dell ndi HP. Amenewa ndiwo anaika kompyuta pa tebulo la kalaliki wamba. Chaka china, pofuna kupulumutsa ndalama, ndinagula atsopano otchipa a dzina losadziwika. Magetsi atangothima ndi kuyakanso mwamphamvu, awiri anapsa, ndipo zipangizo zake sizinapezeke m'tauni monse. A kaunjika aja, mnyamata wokonza ankangotsegula, kusintha chofa, ntchito n'kupitirira. Ndinaphunzira kuti mtengo weniweni wa kompyuta suthera pa lisiti.

Lero mdzukulu wanga wandionetsa kompyuta ya ku ofesi kwawo, kabokosi koti nkukabisa kuseri kwa sikirini. Akuti tinthu totere tinayamba kutchuka Apple itatulutsa Mac mini mu 2005 pa madola 499. Sikadya magetsi ambiri, sikalanda malo, ndipo kamachita zomwe chibokosi chathu chija sichikanalota. Koma timagulabe ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo m'masitolo inakwera pompo.

Ana anga amene mukugula katundu wa m'maofesi lero, wakutsina khutu ndi mnansi. Musanalipire kompyuta, funsani ngati zipangizo zake zimapezeka kuno ndiponso ngati alipo wodziwa kuikonza. Gulani ndi UPS yomwe yoiteteza magetsi akathima. Kompyutayo yachepa thupi, koma ndalama yogulira ikadali thukuta la anthu, choncho isamaleni.