Nyimbo Yopanda Mawu

Titawaika amayi m'manda ku Nathenje, ndinabwerera ku Mitundu ndili duu, osagwetsa msozi ngakhale umodzi. Nyimbo za kwaya ndinkazithawa. Usiku wina magetsi atazima, ndinatsegula pafoni Spiegel im Spiegel, yomwe Arvo Pärt wa ku Estonia anapeka mu 1978, zaka ziwiri asanachoke kwawo. Piyano imangodontha katatukatatu ngati madzi apadenga mvula itakata. Cello imakwera pang'ono n'kubwerera pa liwu lomwelo, imatsika n'kubwereranso. Mulibe munthu wokuuza kuti "limba mtima". Ndinaibwereza, ndikulira, mpaka bandulo inatha.

M'mawa mwake ndinagula mayunitsi n'kuimbira bambo, omwe ndinkawazemba chichitikireni maliro.

"Bambo, mwadzuka bwanji? Loweruka ndikubwera."