Tsamba Lodziwa Poima

Buku lili ndi ulemu wake. Ukatsegula tsamba limakhala phee, kudikira kuti umalize. Foni ilibe khalidwe limenelo pokhapokha wina ailangize. Chitulukire iPhone mu 2007, tidazolowera kukankha zolemba ndi chala, izo n'kumatsetsereka ngati njinga yopanda mabuleki pa mtsetse wa ku Tsangano.

Ine ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a m'foni. Alimi a mbatata ya kachewere a kwathu, kufupi ndi Lizulu, adandipempha kapulogalamu koonetsa zithunzi za matenda ndi tizilombo ta mbewu, chithunzi chilichonse ndi malangizo ake m'munsi. Oyamba kuyesa adali azakhali anga. Pajatu chala chozolowera khasu sichisisita, chimakankha. Zithunzi zija zidathamanga n'kukaima pakati, theka la chiwawu, theka la nsabwe.

"Iwe, nanga apapa ndipopere uti?" adandifunsa.

Funso limeneli si lamasewera ayi. Mankhwala a chiwawu sapha nsabwe, ndipo chiwawu chikalowa m'munda nthawi ya mvula sichidikira kuti ukagule botolo lina.

Njira yopangiratu yoimitsira masamba ilipo, koma kawirikawiri imayeza tsamba ndi kukula kwa galasi lonse la foni. Ine ndinkafuna zithunzi zocheperako, kuti m'mphepete mwa chotsatira muzisuzumira, munthu adziwe kuti kutsogolo kuli zina. Choncho lamulo ndidalemba ndekha. Chala chikangochoka pagalasi, pulogalamu imayeza mtunda umene zithunzi zayenda n'kuugawa ndi kukula kwa chithunzi chimodzi. Chikapitirira theka, chotsatira chimabwera n'kukhazikika pakati. Chikapanda kufika theka, chakale chimabwerera pamalo pake. Imayezanso liwiro la chala: munthu akakankha mwamphamvu, kaya mwamphamvu bwanji, chimasuntha chithunzi chimodzi basi. Zili ngati basi zakale zija zoima pasiteji pokha, pa Mlangeni kapena pa Biriwiri, osati pakati pa mlatho.

Masamu ake ndi a ku pulayimale. Chovuta n'kusankha m'malo mwa munthu wina pamene maso ake apumire, ndipo apa m'pamene pali mlandu. TikTok nayo imaimitsa vidiyo imodzi imodzi mwaluso lomweli, koma ilibe tsamba lomaliza. Aza Raskin, amene amatchulidwa kuti adayambitsa kutsetsereka kosatha kwa masamba mu 2006, pambuyo pake adadandaula poyera ndi nthawi imene luso lakelo limadyera anthu.

N'chifukwa chake kapulogalamu kathu ndidakaikira malire. Ukafika pachithunzi chotsiriza, ungakankhe bwanji, sikasunthanso. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ukawaona umadzuka n'kumapita. Mlimi ali ndi mizere yomudikira.